Sitiraka ya Anthu Opanda Ntchito

Isaki anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu ziwiri zokha: jekete lachikopa lopsa mkono umodzi, ndi nzeru za mabungwe a anthu apantchito. Zina zonse, firiji, wailesi, njinga, zinapsera m'kanyumba kamalata tsiku limene eni dzikolo anatopa ndi alendo olola malipiro ochepa. Iye anapulumukira liwiro. Atatsika minibasi pa Songani, anthu anayamba kumuyang'ana m'manja asanamuyang'ane kumaso, ndipo nkhani yakuti wabwera chimanjamanja inafika kumudzi iye asanafike.

Kwa Malemia kumene ankakhala sikunali kwawo. Anali mkamwini, ndipo mkamwini wopanda ntchito amawerengeredwa ngakhale madzi osamba. Mkazi wake Munira sanali wolongolola, koma atsibweni ake a Munira ankalongolola m'malo mwa mudzi wonse. Tsiku lina anamuitanira pakhonde, namupatsa mpando wabwino, chizindikiro chakuti mawu akubwerawo sakhala abwino.

"Akamwini," anatero atsibweniwo, "mvula ikagwa musanapeze ntchito yooneka ndi maso, mudzanyamule jekete lanulo muzipita kwanu. Mwana wathu ndi kamdzukulu kathu Mwai tidzawasamala tokha, monga tinkachitira muli ku Joni."

Uwu unali mwezi wa Seputembala, fumbi lili koboo. Isaki anayang'ana kuphiri la Malosa, kumene mvula ya m'chigwa cha Domasi imayambira, napeza kuti kunali koyera. Nthawi inalipo, koma yosakwanira kugona tulo.

Ntchito imene ankaidziwa asanapite ku Joni inali youmba njerwa, ndipo mwayi wake unali pafupi. Mayi Christobel, amene anapuma pantchito yauphunzitsi ku koleji, ankamanga mahositelo a ophunzira cha ku Naisi, m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde. Isaki ndi anzake anayi anapita kukadzionetsa, natchula mtengo umene oumba njerwa onse a m'chigwamo amatchula. Mayiwo anamwetulira, nati aganizire kaye. Kuganizako kunabala munthu wina wamtali, wowonda ngati nsungwi, dzina lake Alaudin, wochokera ku Mozambiki mbali ya Mandimba. Iyeyu analola theka la mtengowo, kuphatikizapo nyemba ndi kachisakasa kogonamo pafupi ndi dzenje la dothi.

Amuna asanuwo anakumana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa magolosale a pa Songani. Rashid, amene mtima wake unali pafupi ndi zibakera zake, sanafune msonkhano wautali.

"Tingomupeza kudzenjeko, timuthire makofi awiri atatu, akumbukire njira ya kwawo," anatero.

Mawu amenewa Isaki anawamvapo m'chinenero china, iye ali munthu wofunika kukumbutsidwa njirayo. Anaimirira, nakoka jekete lake ngakhale kunali kotentha mofuna kupha munthu.

"Amuna anzanga, mdani wathu si mlendoyo, ndi malipirowo. Iyenso akumudyera masuku pamutu. Ku Joni anthu ozindikira sachita zankhanza, amapanga bungwe, kenako amanyanyala ntchito. Sitiraka! Bwana amagwada yekha."

Mawu akuti sitiraka anawakomera onse m'kamwa. Tsiku lomwelo linabadwa Bungwe la Oumba Njerwa a M'chigwa cha Domasi. Isaki anakhala tcheyamani popeza nzeruyo inali yake. A Maurice, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito yaulonda pa ofesi ina m'tauni ya Zomba, anakhala mlangizi wa zamalamulo, chifukwa kwa zaka zambiri malamulo ankawamvera pawindo. Rashid anakhala wachitetezo. Awiri otsalawo anadandaula kuti alibe maudindo, ndiye mmodzi anamusankha wachiwiri kwa tcheyamani, winayo wachiwiri kwa wachiwiriyo. Bungwe linatha lonse kukhala komiti, membala wamba osatsalapo.

Isaki anawaphunzitsa gule wa sitiraka wa ku Joni: mawondo m'mwamba, chibakera m'mwamba, nkhope yokwiya, kupondaponda pamalo amodzi. Anayeserera mpaka a Maurice anasiya kugwa. Lolemba m'mawa anakaima pageti la Mayi Christobel, nayamba.

Chimene Isaki anaiwala m'zaka zake za ku Joni ndi chakuti kuno kwathu munthu akavina bwino amafupidwa, ndipo palibe amene amafunsa kuti wakwiya ndi chiyani. Amayi ochokera kumjigo anatula ndowa zawo, nayamba kuomba m'manja. Wina anaimba nthungululu. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anathamanga, namata ndalama pamphumi pa a Maurice, ndipo chifukwa cha thukuta inamatirira. Minibasi ya ku Liwonde inaima, anthu natsika kudzaonerera, kondakitala ali kalikiliki kuwaitana. Isaki ankakuwa kuti, "Si gule uyu! Takwiya!" koma akakuwa mwaukali anthu ankasangalala kwambiri, amvekere ameneyo ndiye katswiri.

Geti linatseguka. Mayi Christobel anatuluka atamanga chitenje m'chiuno, akudzithyola pang'onopang'ono monga amachitira amayi olemekezeka paukwati, nafika pamaso pa Isaki ndi kumuwaza ndalama zingapo pamapewa.

"Zabwino zedi, bambo," anatero akupuma mwabefu. "Mwana wa mng'ono wanga akukwatiwa mwezi wamawa. Mumalipiritsa bwanji?"

"Mayi, ife sitikuvina. Tikunyanyala ntchito."

"Ntchito iti?"

"Youmba njerwa."

"Ya ndani? Ine ndinakulembani liti?"

Funso limeneli ku Joni silinkafunsidwa, chifukwa onse amene Isaki ankawaona akuvina m'misewu anali ndi ntchito zoti azinyanyale. Bungwe linatola zimene linafupidwa, popeza kuzisiya pansi kukanakhala mwano, nkubwerera ku mtengo wa mango mitu ili pansi.

Kumeneko a Maurice anatsokomola monga ankatsokomolera mabwana a pa ofesi ija asanalankhule.

"Mayiwa sakunama. Lamulo limati wonyanyala ntchito ndi amene ali nayo. Tsono pamalo pajapa amene ali ndi ntchito ndi mmodzi yekha."

Onse anatembenukira kumene kunali dzenje la dothi. Munthu yekhayo m'chigwa chonse amene akanatha kuwachitira sitiraka anali Alaudin.

Anamupeza ali m'matope mpaka m'mawondo, akuponda. Ataona amuna asanu akutsetserekera kwa iye, anayang'ana kumanzere ndi kumanja kufuna pothawira, ndipo Isaki anamva chisoni, chifukwa kuyang'ana kumeneko ankakudziwa. Anamupatsa moni wautali kuti mtima ukhale m'malo, kenako anamufotokozera kuti bungwe lamulandira ndi manja awiri ngati membala wamba woyamba, ndipo ntchito yake yoyamba ndi kusiya ntchito, mpaka mayiwo atakweza malipiro kufika pa mtengo wa aliyense.

"Achimwene, zikomo ulemu wanu," anatero Alaudin, "koma ine mapepala ndilibe. Mayi akaona njerwa zaima, akandinenera kuboma. Komanso tsiku losaumba, nyemba kulibe."

Apa mpamene a Maurice anaonetsa kuti zaka zawo za pawindo sizinapite pachabe.

"Tamverani. Lamulo limati wonyanyala ndi munthu. Silinanene kuti njerwa nazo zinyanyale. Mnyamatayu akhale pansi, ife tiziumba m'malo mwake. Njerwa zikamatuluka, mayiwo alibe chifukwa chomunenera kapena kumumana nyemba. Koma tsiku ndi tsiku azidzaona wantchito wawo ali khale pamthunzi, ndipo zimenezo zidzawawawa mumtima mpaka adzagonja."

Isaki anamva kuti penapake m'nzeru imeneyi muli bowo, koma sanathe kuliloza ndi chala, ndipo tcheyamani sangaonetse kuti sakumvetsa zamalamulo pamaso pa mlendo. Anavomereza.

M'mawa mwake sitiraka inayamba mwamphamvu. Alaudin anamukhazika pansi pa mtengo wa mthethe, namuikira mwala woti atsamire. Amuna asanu aja anavula malaya, nalowa m'dzenje. Wina kutunga madzi, wina kuponda, awiri kuthamanga ndi chikombole, a Maurice kufunditsa udzu panjerwa zaziwisi kuti zisang'aluke ndi dzuwa. Kunena zoona, anthu amenewa ankaidziwa ntchito, ndipo anali ataisowa. Njerwa zinayala bwalo lonse ngati nsomba zoyanika.

Mayi Christobel anabwera masana, naima pamwamba pa dzenje atagwira ambulera. Anayang'ana Alaudin, anayang'ana njerwa, anayang'ananso amuna asanu amatope.

"Kodi chikuchitika n'chiyani pano?"

"Sitiraka, mayi!" anayankha Isaki monyadira, matope ali chuchuchu m'zigongono. "Wantchito wanu wanyanyala. Sagwiranso mpaka mutakweza malipiro."

"Nanga inu ndikulipirani?"

"Ife simunatilembe. Ndalama yanu sitingaikhudze."

Milomo ya mayiwo inayamba kunjenjemera. A Maurice ananong'oneza Isaki kuti waona, zayamba kuwawawa. Mayi Christobel anatembenuka msangamsanga, nabwerera kunyumba ataphimba pakamwa ndi mpango, mapewa akugwedezeka.

Amene sitirakayi inamuwawa zenizeni anali Alaudin. Munthuyu chibadwire anali asanakhalepo pansi dzuwa lili pamutu. Manja ankamuyabwa. Akaona chikombole chagwa ankadzambatuka kuti akachitole, ndipo onse asanu ankakuwa pamodzi kuti, "Khala pansi iwe, ukuphwanya sitiraka!" Rashid, amene poyamba ankafuna kumumenya chifukwa chogwira ntchito, tsopano ankafuna kumumenya akangoyerekeza kuigwira. Tsiku lina anamugwira mbandakucha akutembenuza njerwa mobisa kuti ziume mbali inayo. Komiti inakhala pansi, nimuzenga mlandu, ndipo chilango chake chinali chakuti tsiku lonselo anyanyale chogona. Masaya ake anayamba kutuluka. Ankadya nyemba za Mayi Christobel atatembenukira kumtengo chifukwa cha manyazi, pamene omugwirira ntchito ankatafuna nzimbe.

Kunyumba, Isaki ankafika dzuwa litapendeka, miyendo ili mbuu, msana ukukana kuwongoka. Munira anamuyang'ana masiku angapo, kenako anafunsa akumuikira madzi kubafa.

"Bambo a Mwai, ndiye kuti mwaipeza ntchito?"

"Ayi, amake Mwai. Tili pa sitiraka."

"Sitiraka si kukana kugwira ntchito?"

"Ndi kumeneko."

"Nanga matopewa?"

"Wokanayo ndi wina. Ife tikumuthandiza kukana."

Munira anaika ndowa pansi bwinobwino. "Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero, "koma atsibweni adzafunsa, ndipo ine sindidzatha kuwabwerezera zimenezi. Taonani kuphiri." Isaki anayang'ana. Pamwamba pa Malosa panali kamtambo kakuda, kakang'ono, kokhala ngati kakungodutsa. Anachita mantha, chifukwa Munira ankamukonda, ndipo Mwai anali atangozolowera kumutchula kuti ababa osathawira kuseri kwa amake.

Mbiri ya sitirakayo inafalikira m'chigwa chonse. Mayi Christobel anayamba kubwera ndi anzawo a kumpingo kudzawaonetsa, amayi a zipewa ndi zikwama zonyezimira, ndipo ankaima m'mphepete mwa dzenje kumasirira. Mmodzi anaitanira Isaki pambali, namufunsa mwaulemu ngati bungwe lingakachitenso sitiraka kumunda kwake ku Songani, popeza mizere inali isanalimidwe. Isaki anayankha kuti bungwe silichita sitiraka mwachisawawa, pamafunika wantchito woponderezedwa. Mayiyo anati ali naye mnyamata woweta mbuzi, angathe kumupondereza pofika Lachisanu.

Mwezi wa Okutobala unatha. Njerwa zinauma, anazipanga uvuni waukulu ngati tchalitchi, naumata, nauwotcha ndi nkhuni zimene anasenza okha. Alaudin anaonerera moto ali pamwala wake, akugwedeza miyendo. Uvuni utazizira, Mayi Christobel anatumiza uthenga wakuti akufuna kukambirana ndi bungwe.

"Agwada!" anatero a Maurice, navala tayi pamwamba pa malaya ong'ambika.

Mayiwo anawalandira pakhonde, nawapatsa mipando ndi thobwa. Kumwamba kunali kutachita mdima mbali ya kuphiri, mphepo ikununkha chinyezi. Isaki anaimirira, nalankhula mawu amene anawakonza kwa milungu yonseyo: kuti mlendo ndi mwini dziko alandire mofanana, kuti pasapezeke wolemba ntchito wothamangira mlendo chifukwa chotchipa, kuti pasapezekenso mwini dziko wodana ndi mlendo chifukwa cha njala. Analankhula bwino, mpaka iye mwini misozi inalengeza.

Mayi Christobel anagwedeza mutu movomereza.

"Mwalankhula zanzeru, a Tcheya, ndipo zandikhudza. Zowona, si bwino kuti mlendo azilanda ntchito eni dziko. Komanso munthu wongokhala pamthunzi ine sindingapitirize kumudyetsa. Alaudin, mwana wanga, kuboma sindikunenera, usaope, koma ntchito yatha. Ulandire zako uzipita."

"Mayi, si zimene tikupempha," anatero Isaki.

"Dikirani, sindinathe. Kwatsala hositelo yachiwiri. Mvula ikayamba, njerwa tiziumbira m'shedi, pang'onopang'ono, ndiye ndikufuna munthu mmodzi wokhazikika. Ndakuonani, a Tcheya, muli ndi manja abwino. Malipiro ndi omwe ankalandira Alaudin."

"Theka lija?"

"Inu mwakhala mukugwira ulere, bambo. Kuchoka pa ulere kufika pa theka, kumeneko si kukweza?"

Onse anatembenukira kwa mlangizi wa zamalamulo. A Maurice anatseka maso, nasinkhasinkha, milomo ikuyenda.

"Mwalamulo," anatero potsiriza, "malipiro akwera. Sitiraka yapambana."

Wachiwiri kwa tcheyamani anaomba m'manja, wachiwiri wakenso anaomba, kenako anasiya atazindikira kuti ntchitoyo ndi ya munthu mmodzi. Kuphiri kunagunda bingu, lakutali koma lomveka bwino. Isaki anaganiza za mpando wabwino wa pakhonde pa atsibweni. Anaganiza za Mwai. Anadziwa zimene tcheyamani ayenera kuyankha, mawu ake anali okonzeka pa lilime, ndipo anali mawu okoma. Koma chimene chinatuluka m'kamwa mwake chinali china.

"Ndiyambe liti, mayi?"

"Ngakhale lero."

Palibe amene anamunyoza. Zikanakhala bwino akanamunyoza. Rashid anangoika kapu ya thobwa pansi osaimaliza, namuyang'ana Isaki nthawi yaitali, mmene munthu amayang'anira amene walola theka. Kenako ananyamuka, ena atatuwo namutsatira, a Maurice akumasula tayi.

Isaki anatsetserekera kudzenje yekha. Anapeza Alaudin atamanga kale katundu wake m'thumba la feteleza: bulangete, poto, nsapato zopumira. Anali atatsuka chikombole, ndipo anachipereka kwa Isaki ndi manja awiri.

"Pepa, mbale wanga," anatero Isaki. "Sindinkafuna kuti zithe chonchi. Ine ndinkakana zoti uthamangitsidwe."

"Palibe kanthu, achimwene. Simunandimenye. Kwina amamenya." Alaudin anakoleka thumba paphewa, nazengereza pang'ono. "Koma ndimati ndikufunseni. Inu munakhalako ku Joni. Munthu amadzera kuti?"

Isaki anafuna kumuuza kuti asapite. Koma akanamuuza kuti apite kuti? Anamufotokozera zonse: basi ya ku Blantyre, chipata cha Mwanza, kudutsa Tete, kudutsa Zimbabwe, mtsinje umene opanda mapepala amawolokera, ndi dera limene a kuno amafikira. Alaudin ankamvetsera akubwereza mayinawo chapansipansi kuti asaiwale.

"Koma chinthu chimodzi," anatero Isaki. "Ukakafika, usakalole malipiro ochepa. Eni dziko amapsa mtima. Amawotcha."

Alaudin anagwedeza mutu. "Ndamva. Nanga ndikakakana ochepawo, akakandilemba?"

Isaki anayang'ana chikombole chimene chinali m'manja mwake. Anachita manyazi, ndipo sanathe kumunamiza munthuyo.

"Sakakulemba."

"Ndiye ndikalola," anatero Alaudin.

Anatsanzika mwaulemu, nakwera kamtunda kopita kumsewu, thumba likugunda pamsana. Madontho oyamba anayamba kugwa, akuluakulu, apatalipatali, akuboola fumbi. Isaki anapinda buluku mpaka m'mawondo, nalowa m'dzenje kukaponda dothi.